Ndinawalembera Amalume Zokanena Kuchikazi

Ine ndine Hudson wa ku Limbuli, ndipo ndili ndi digiri yolemba zoyankhula za zidole. Musaseke msanga, zoseketsa zenizeni zili kutsogolo. Anzanga amene tinalowa nawo yunivesite chaka chimodzi anabwerako ali madokotala, ena maloya, ena oyeza misewu. Ine ndinabwerako ndikudziwa chimene kambuzi ka m'katuni kayenera kunena kakagwera m'dzenje. Amayi akafunsidwa kumvano kuti mwana wanu uja anakaphunzira chiyani ku Joni, amangoti, "Za makompyuta," kenako n'kuyambitsa nyimbo msangamsanga.

Ndinabadwira m'malaini a pa esiteti ya tiyi, m'nyumba ya kampani yoti woyandikana naye akayetsemula iwe umati pepani. Bambo ndi amayi onse anali othyola tiyi, dengu kumsana mame asanakamuke. Akafuna kuti anafe tisamve ankayankhulana Chilomwe, koma kwa ine kunali kudzivutitsa chabe, chifukwa ngakhale ndikanamva sindikanatha kukaulula kwa munthu. Ndinabadwa ndi chibwibwi. Osati chibwibwi chaulemu chija chongobwereza kamodzi n'kudutsa, ayi. Changa chinali chamakani. Mawu ankafika pakhosi n'kukhala pansi. Akandituma kugolosale, ndisanamalize kutchula chimene ndikufuna, wogulitsa anali atathandiza kale anthu ena n'kuyambanso kudya chinangwa chake. Anthu okoma mtima ankandimalizira mawu, ndipo kawirikawiri ankamalizira zawozawo. Ine ndinkangovomera ndi mutu kuti nkhani ithe.

Bambo atamwalira tinatuluka m'nyumba ya kampani n'kukakhala kumudzi kwa amayi, pafupi ndi msika wa Limbuli. Kuseri kwa msikawo kunali kanyumba ka vidiyo, kotchingidwa ndi mapepala akuda, jenereta ikulira panja. Loweruka m'mawa, asanayambe mafilimu ankhonya, ankaika makatuni. Matepi ake ankachokera kutsidya, ku Milanje, ndiye zidole zonse zinkayankhula Chipwitikizi. Anafe tinkangoseka chidole chikagwa basi. Ine ndinayamba kulemba kumapeto kwa kope la masamu zimene ndinkaganiza kuti zidolezo zikunena. Tsiku lina anzanga anandilanda kopelo n'kuyamba kuwerenga mokweza katuni ili mkati, ndipo nyumba yonse inafa nalo phwete. Ine ndinangoti kukamwa yasa. Mawu anga omwe aja, akatulukira pakamwa pa munthu wina, ankayenda myaa, osapunthwa paliponse.

Mawu a zidole zazikazi ankawerenga ndi Estele, mtsikana wa m'kalasi mwathu, wa mudzi wa kutsidya kwa mtsinje. Estele anali ndi khalidwe limene sindinalionepo mwa munthu wina aliyense. Ndikamayankhula sankandimalizira. Ankangodikira, akusenda nzimbe yake, mpaka mawuwo atuluke okha. Ndinamukonda kuyambira nthawi imeneyo, ndipo sindinamuuze.

Nditakhoza folomu folo, aphunzitsi anga a Chingerezi anamva za thumba lina lothandiza ana a ogwira ntchito m'minda ya tiyi. Anatumiza nkhani zanga, ndipo mwa chisomo ndinatengedwa ku yunivesite ina ya ku Joni. Pa maphunziro onse ndinasankha kulemba nkhani za makatuni ndi magemu a pakompyuta, pa chifukwa chimodzi chokha: ndinamva kuti pa ntchito imeneyi wolemba sayankhula, amamuyankhulira ndi ena.

Chibwibwi chinawoloka nane malire popanda pasipoti, ndipo m'Chingerezi chinanenepa. Anzanga a m'kalasi anali anthu oti anayamba kusewera magemu asanasiye kuyamwa. Ine tsiku loyamba kupatsidwa kachipangizo kosewerera ndinakagwira chadodolido, kamunthu kanga n'kuyenda chambuyo mpaka kukamira m'nyanja. Atandiyang'ana onse ndinati ndikufufuza kuya kwake. Kunena zimenezo kunanditengera nthawi yoti kamunthuko kanamiranso kachiwiri.

Koma kulemba ndiye ndinkalemba. Katuni njosavuta kuimvetsa: uyu anena ichi, uyo ayankha icho, yatha. Gemu ndi nyama ina. Mu gemu wosewera amasankha yekha chonena, ndiye wolembawe uyenera kukonzeratu yankho la chilichonse chimene angasankhe. Akalonjera mwaulemu nkhani ilowera uku, akatukwana ilowera uko. Pepala limadzaza mivi ndi nthambi, moti tinkangolitchula kuti mtengo. Mtengo wanga woyamba unali wa gemu ya pa esiteti, ndipo pageti ndinaikapo mayi wogulitsa zitumbuwa. Aphunzitsi athu, mayi wamfupi waimvi woyankhula ngati akuwaza nkhuni, anaisewera pamaso pa kalasi yonse.

"Hudson," anatero, "mayi uyu ndamulonjera, wati takulandirani. Ndamubera chitumbuwa, wati takulandirani. Ndamugubuduzira beseni, watinso takulandirani. Uyu si munthu, ndi chitseko. Munthu amatha kukana."

Mawu amenewo ndinawalemba m'kope n'kuwadula mzere kunsi. Anabweranso pamayeso, ndipo funso limenelo ndinalikhoza kuposa kalasi yonse. Muzikumbukire zimenezi.

Zaka zonse za ku Joni ndinkalemberana ndi Estele pafoni. Iye anali ataphunzira utelala, akusoka pakhonde la sitolo ina ku Limbuli. Pameseji, abale, ndinali munthu! Ndinali wanthabwala, wolimba mtima, mlaliki weniweni. Akandiimbira ndinkadula n'kulemba kuti netiweki ikuvuta. Chaka chomaliza ndinaganiza zomufunsira, ndipo ndinachita monga munthu wophunzira. Ndinamupangira kagemu. Kamnyamata kojambula kanatsika phiri, kanawoloka mtsinje, kanafika pa makina osokera n'kugwada, kenako panatuluka funso: "Estele, undilola?" Pansi pake panali mabatani awiri. Lina linalembedwa Eya. Linalo linalembedwanso Eya. Ndinadziona wochenjera kwabasi.

Yankho linabwera mawa lake: "Foni yanga ndi yaing'ono, zimenezi sizikutseguka." Ine mumtima ndinati eee, manyazi amenewo, akazi a kwathu savomera poyera. Nkhani ndinaitseka pomwepo ngati yatheka.

Nditabwerera kumudzi ndinayamba kulembera timakatuni tophunzitsa ana kusamba m'manja, komanso kampani ina yakunja yopanga magemu inkanditumizira ntchito pa intaneti. Ofesi yanga inali pansi pa mtengo wa mapeyala, pamene netiweki imagwira, laputopu pamiyendo. Odutsa ankaona mnyamata wamphamvu zake atakhala pamthunzi dzuwa lili pamutu, akuseka yekha ndi zidole. "Kuphunzira kwambiri n'koipa," ankatero akupita kumunda. Estele ndinkamuona tsiku lililonse, kumupatsa moni wamutu, n'kukamulembera meseji yaitali nditangokhota pakona.

Chimene ndinkafuna pamoyo wanga chinali chimodzi: kukwatira Estele. Ndipo kwathu kuno sumangodzuka n'kukatenga munthu. Amalume ako amapita kwa amalume a mkazi kukafunsira mbeta, iwe mwini wake n'kukhala phee ngati suli pomwepo. Mwambo umenewu ndinkaukonda kwambiri. Ndinkati makolo athu anaukonza akuganizira anthu ngati ine.

Vuto linali anthu ake. Amalume anga, a Thomson, ndi a kabaza pa Limbuli, munthu wabwino mtima koma pakamwa popanda buleki. Anapitapo kukafunsira mbeta ya msuweni wanga, n'kubwerako atakangana ndi akuchikazi pa nkhani ya mpira. Amalume ake a Estele, a Filipo, anali kapitawo pa esiteti mpaka kupuma, munthu wozolowera kuyang'ana m'dengu la mnzake n'kupezamo tsamba lokhwima. Ndinkadziwa kuti adzafunsa funso limene ngakhale amayi anga amalithawa ndi nyimbo: mnyamatayu amagwira ntchito yanji?

Ndiye ndinachita chimene ndinaphunzira. Ndinakhala pansi n'kulemba mtengo. A Filipo akati takulandirani, inu muti chakuti. Akafunsa za ntchito, tsatirani muvi uwu. Akati zidole si ntchito, pitani tsamba lachitatu. Akatchula za mpira, musayankhe, tafunani chinangwa. Ndinalembera a Filipo nthambi, mayi ake a Estele nthambi, ngakhale galu wa pakhomopo akauwa ndinakonzeratu nthabwala yake. Kumapeto kwenikweni, pamene mwa mwambo amaitana mtsikana n'kumufunsa ngati alendowo akuwadziwa, ndinalemba mzere umodzi: "Estele: Eya, ndikuwadziwa." Pamenepo panalibe muvi.

"Mphwanga," anatero amalume akutembenuza mapepalawo, "ine ndakwatitsa anthu iwe usanabadwe."

Ndinawalembera pakapepala kuti mufilimu iliyonse mumakhala mwini filimu, ndipo mu iyi ndi iwowo. Anawongola kolala. "Ndiye ndiziloweza mawu onsewa?" Ndinavomera ndi mutu, n'kuwonjeza kuti aziyeserera mokweza tsiku ndi tsiku. Kuti aziyeserera ali kuti, zimenezo sindinanene.

Ulendo woyamba amalume anapita okha, monga zimakhalira, ndipo anabwerako akumwetulira. Anauzidwa kuti abwerenso Loweruka linalo, ndi mwini wake, akuchikazi amuone.

Tsikulo kunacha ndi chiperoni, kamvula kowaza kaja kosadziwika ngati kakugwa kapena kakungoyendayenda. Ndinavala suti yanga ya tsiku lolandira digiri. Amalume ananditenga pakabaza, mapepala ali m'thumba la jekete. Titafika anatiyalira mkeka pakhonde. A Filipo anakhala pampando wa ndalema, mayi ake a Estele chapambali, ndipo ndinadabwa kuona kuti kuseri kwa nyumba ndi kumpanda kwadzaza anthu ambiri kuposa amene nkhani yotere imafuna.

A Filipo anatsokomola. "Takulandirani. Kaya mwatiyendera ndi mawu otani?"

Ndendende mmene ndinalembera! Amalume anayankha bwinobwino, osaphonya. A Filipo anafunsa za kwathu, amalume anatsatira muvi. Anafunsa za mpingo, amalume anatsatira muvi. Ine pamkeka paja mtima unkangoti dyokodyoko. Ndinadziona ngati mneneri. Ndinafika poganiza zowalembera aphunzitsi anga aja kuti maphunziro awo akugwira ntchito mpaka ku Mulanje.

"Nanga mnyamatayu amagwira ntchito yanji?"

Amalume anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Anayang'ana kudenga. Dzanja linayamba kulowera m'jekete.

"Tsamba lachitatu, achimwene," anatero a Filipo modekha. "Pamene mukuyenera kunena kuti laputopu ndi khasu la masiku ano."

Kuseri kwa nyumba kunaphulika chiseko. Mayi wina anachita kukhala pansi. Ine thukuta linatuluka ngakhale kunali kuzizira.

Zinadziwika pomwepo kuti amalume ankayeserera pa siteji ya kabaza, pakati pa msika. Anagawa mapepala kwa anzawo. Wina ankakhala a Filipo, wina mayi ake a Estele, wina galu. Azimayi a tomato analoweza mpaka kumawakonza akalakwitsa. A Filipo eni ake anaonerera kawiri konse atabwera kudzagula fodya, ndipo akuti anadandaula kuti wowasewerayo ankachepetsa ukali.

"Za ntchito tamva kale, msika wonse wamva," anatero a Filipo akupukuta misozi. "Munthu woti wakwanitsa kulowezetsa a Thomson mapepala onsewa si waulesi. Aphunzitsi anawalephera awa. Nkhani ya ntchito yatha. Muitaneni mwanayo."

Ndinapuma. Manyazi anali atandidya, inde, koma phiri lalikulu tinali titalidutsa. Kunatsala mzere umodzi basi.

Estele anatuluka atavala diresi yosoka yekha, nagwada pafupi ndi amayi ake. Sanandiyang'ane.

"Estele," anatero a Filipo, "anthu awa ukuwadziwa?"

"A Thomson ndikuwadziwa," anayankha. "Amaimika njinga patsogolo pa makina anga. Awo a sutiwo ndikudziwa zala zawo."



"Zala?" anafunsa a Filipo.

"Zala, amalume. Zimalemba bwino kwambiri. Zandilembera zaka zonsezi. Koma pakamwa pawo sipanatulukepo funso lililonse kwa ine." Anakonza chitenje pamaondo. Mawu ake sanali okalipa, ndipo n'chimene chinandiopsa kwambiri. "Masabata awiriwa ndakhala ndikusoka uku ndikuonerera ukwati wanga pamsewu. Inu amalume anakupatsani mayankho ambirimbiri. Amayi anawapatsa. Galu anamupatsa. Ine mzere umodzi, ndipo amandinenera ndi Gabriel wa kabaza atafunda chitenje kumutu."

Wina anayamba kuseka koma anamugwira pakamwa.

Kenako Estele anatembenuka n'kundiyang'ana. "Kagemu kaja kanatseguka bwinobwino, Hudson. Ndinakasewera mpaka kumapeto. Kamnyamata kaja kanandisangalatsa. Koma ndinafunafuna batani la ayi, sindinalipeze. Sikuti ndinkafuna kulidina. Ndinkangofuna kuti likhalepo."

Mayi wa zitumbuwa uja anandibwerera m'mutu ndi beseni lake lomwe. Funso limene ndinakhoza kuposa kalasi yonse! Zinandipweteka, osati chifukwa cha anthu oonerera aja, koma chifukwa munthu yekhayo amene sanandimalizirepo mawu, ine ndinali nditamumalizira ake.

Amalume anali atatulutsa mapepala onse, akuvundukula uku ndi uku. Anandiweramira n'kunong'ona mokweza moti onse anamva: "Mphwanga, izi zili tsamba liti?"

"Palibe tsamba pamenepo, achimwene," anatero a Filipo. Nkhope yawo inali itasintha, ukapitawo utabwerera. "Mwa mwambo mkamwini sayankhula pabwalo ngati lino. Koma mwana wathu akuti sakumudziwa, ndipo ife sitipereka munthu kwa mlendo. Ngati ali ndi mawu, anene yekha. Ngati alibe, mvula isanakule, njira ndi yomwe munadzera."

Dzanja langa linapita lokha kuthumba, kufuna foni. Estele analiyang'ana dzanjalo. Ndinalibweza.

Ndinagwada pamkeka paja, suti ya digiri ikuyamwa madzi. Ndinatsegula pakamwa. Dzina lake, dzina limene ndinalilemba kosawerengeka, linafika pakhosi n'kukhala pansi.

"E... E... E..."

Nsagwada zinagwirana. Ndinkamva madontho akugwa kuchokera kudenga, nkhuku ikudutsa ndi anapiye ake, mwana wina kumpanda akufunsa kuti a sutiwo atani. Ndinayambanso. "E... Es..."

"Akuti Estele," analowererapo amalume mwachifundo. "Akufuna kunena kuti..."

"Asiyeni," anatero Estele. "Amaliza okha."

Ndipo anadikira, monga ankadikirira kale akusenda nzimbe. A Filipo anadikira. Mudzi wonse unadikira, anthu oti sanadikirepo munthu wachibwibwi chibadwire. Sindikudziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Misozi inali ikutsika, mamina omwe, digiri yonse ili mbwee pamkeka. Mawu okoma onse amene ndinawalembapo anathawa. Anatsala ochepa okha, ndipo anatuluka limodzilimodzi, opunduka, akukwawa.

"E-Estele. Ndi-ndimakukonda. U-undilola?" Panatsala chinthu chimodzi, ndipo chinali cholemera kuposa zonse. "U-u-ukhoza ku-kukana."

Estele anayang'ana pansi, akutola kaulusi pa diresi yake. Anakhala chete nthawi yaitali kuposa chibwibwi changa, ndipo m'kanthawi kameneko ndinadziwa kwa nthawi yoyamba kuti akhozadi kukana, ndi kuti ndikadzuka pamkeka pano ndilibe muvi wotsatira. Ndinachita mantha amene sindinawamvepo chibadwire.

Kenako anadzutsa mutu, maso ake atanyowa, n'kutembenukira kwa a Filipo.

"Amalume," anatero, "awa ndiye ndikuwadziwa."